INSHUWALANSI YAKWERA MTENGO: TICHITE BWANJI?

Phunziro lino likunena za inshuwalansi. Liwuli ndi lalitali, koma musaope. Tiyeni tiliŵerenge pang'onopang'ono: i-nshu-wa-la-nsi.

Kapena inu muli ndi njinga yamoto ya kabaza. Kapena muli ndi minibasi, golosale kapena chigayo. Ngati ndi choncho, mwaona kale kuti ndalama zolipira inshuwalansi zikukwera. Chaka chatha munalipira zochepa, chaka chino akuuzani zina. Kapenanso mulibe chilichonse mwa zinthu zimenezi. Musatseke buku. Inu mumakwera minibasi, mumakwera kabaza, ndipo ana anu amayenda m'mbali mwa mseu popita kusukulu. Nkhaniyi ndi yanunso.

INSHUWALANSI N'CHIYANI?

Ambiri a inu muli m'gulu la banki m'khonde. Kupatula masheya, mumasonkha kandalama kapadera ka pangozi. Wina akadwala kapena akaferedwa, gulu limatapa m'thumba limenelo ndi kumuthandiza. Amene sanaone vuto salandira kanthu. Komabe sadandaula, chifukwa adziŵa kuti maŵa likhoza kukhala tsiku lake.

Inshuwalansi imayenda chimodzimodzi. Anthu ambiri amasonkha pang'onopang'ono m'thumba limodzi. Oŵerengeka okha ndiwo amaona ngozi chaka chimenecho, ndipo iwo ndiwo amalipidwa. Kusiyana kwake n'kwakuti thumbali limasungidwa ndi kampani, ndipo kampani si mpingo ayi. Imalipira antchito ake, imafunanso phindu. Ndalama imene inu mumapereka amaitcha pulimiyamu. Mukapereka amakupatsani chikalata cha pangano. M'chikalatamo amalembamo zimene adzalipira ndi zimene sadzalipira. Kuno ku Malaŵi makampani ameneŵa amayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya boma, ya Reserve Bank of Malawi.

LAMULO LIKUTI BWANJI?

Inshuwalansi ya golosale kapena ya chigayo ndi ya kufuna kwanu. Palibe wapolisi adzakugwirani chifukwa cha iyo, ngakhale kuti banki ikamakukongozani ndalama kaŵirikaŵiri imafuna kuti katundu wa chikole akhale pa inshuwalansi. Koma pamseu nkhani ndi ina. Lamulo la pamseu la dziko lino limati galimoto kapena njinga yamoto isayende pamseu wa anthu onse popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena. Iyi ndi imene amaitcha third party.

Mvetsetsani bwino apa, chifukwa ambiri amasokoneza. Third party siikonza galimoto lanu ayi. Imalipira munthu wina amene inu mwamupweteka. Mukagunda mwana pamseu, imalipira chipukuta misozi kwa iye kapena kwa abale ake. Mukaphwanya galimoto la mnzanu, imathandiza kukonza lakelo monga mwa pangano. Lanulo mudzakonza nokha. Imene imakonzanso galimoto lanu, ngakhale kulipira likabedwa kapena likapsa, ndi ina. Amaitcha comprehensive, ndipo ndi yodula kwambiri.

CHIFUKWA CHIYANI IKUKWERA?

Tiyeni tichite masamu. Manambala aŵa ndi ongophunzirira, si mitengo ya kampani ina iliyonse.

Tiyerekeze kuti eni minibasi 100 akusonkha m'thumba limodzi. Pa chaka, minibasi 5 zachita ngozi. Kukonza imodzi ndi K1,000,000. Zonse pamodzi ndi K5,000,000. Tikagaŵa ndalamayi kwa anthu 100, aliyense ayenera kusonkha K50,000.

Chaka chinacho ngozi zili 5 zomwezo, koma kugalaja mitengo yakwera. Kukonza minibasi imodzi tsopano ndi K1,500,000. Zonse pamodzi ndi K7,500,000. Aliyense asonkhe zingati? K75,000. Taonani, palibe dalaivala amene waipa kuposa kale. Chakwera ndi mtengo wa sipeya ndi wa makaniko basi. Nanga ngozi zikachuluka n'kufika 8? Ndiye kuti 8 kuchulukitsa ndi K1,500,000, yankho ndi K12,000,000. Aliyense asonkhe K120,000, ngakhale uja amene chaka chonse sanagunde ndi nkhuku yomwe.

Tsono n'chiyani chikukweza mitengo kugalaja? Kuno kwathu sitipanga magalimoto. Ambiri amachokera ku Japan, amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kuloŵera pa chipata cha Songwe ku Karonga. Masipeya, matayala, magalasi ndi penti, nazonso zimachokera kunja. Kunjako salandira kwacha. Amafuna ndalama zakunja, makamaka dola ya ku America. Kwacha ikachepa mphamvu, chinthu chomwecho chimafuna makwacha ambiri.

Izi zachitika kangapo. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse. Mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 pa 100. Dola imodzi imene inali pafupifupi K1,180 kubanki inafika pa K1,700. Tengani pensulo. Sipeya ya madola 100 inali K118,000. Itagwa kwacha, sipeya yomweyo inakhala K170,000. Kusiyana kwake ndi K52,000, pa sipeya imodzi yokha. Ndipo wamalonda akasoŵa madola kubanki, amakagula kwa anthu apamseu pa mtengo wokwera kuposa pamenepo. Mu 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inakwera ndi pafupifupi K30 pa K100 iliyonse. Kampani ya inshuwalansi imagula sipeya kumene inu mumagula.

Comprehensive imakwera m'njira inanso. Pulimiyamu yake amaiŵerengera pa mtengo wa galimoto. Tiyerekeze kuti akutenga K6 pa K100 iliyonse. Galimoto la K8,000,000 mulipira K480,000. Galimoto lomwelo likafika pa K12,000,000 pamsika, mulipira K720,000. Galimotolo lakalamba ndi chaka chimodzi, koma mtengo wake m'makwacha wakwera. Zodabwitsa, koma ndi mmene zinthu zimakhalira kwacha ikamagwa.

Palinso nyengo. Tonse tikukumbukira namondwe Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023 amene anapha anthu oposa 1,000 ndi kugwetsa nyumba ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi m'maboma ena a kumwera. Tsoka lotere limagwera anthu ambiri tsiku limodzi. Thumba limodzi silingakwane. N'chifukwa chake makampani a inshuwalansi nawonso amagula inshuwalansi yawo ku makampani akuluakulu, ndipo ambiri a iwo ndi akunja. Kumeneko amalipira ndi ndalama zakunja. Masoka akachuluka pa dziko lapansi, akuluakuluwo amakweza mtengo, ndipo kukwerako kumatsika mpaka kufika pa golosale yanu.

Chifukwa china ndi chochititsa manyazi, koma tichinene. Alipo anthu amene amanama. Minibasi ikagwa, wina amene anali kunyumba kwake amakalembetsa kuti analimo. Wina amagwirizana ndi makaniko kuti alembe mtengo wonama. Iwo amati tikudya za kampani. Ayi ndithu. Akudya za m'thumba lija, ndipo chaka chamaŵa tonse tidzasonkha zambiri.

Sindikunena kuti makampani alibe mlandu. Ena amafulumira polandira koma amachedwa polipira. Munthu amayenda miyezi kutsatira ndalama yake, galimoto lili pa miyala, ana akufuna fizi. Khalidwe limenelo ndilo limapangitsa anthu kunena kuti inshuwalansi ndi kuba. Kudandaula koteroko n'komveka, ndipo pali koyenera kukadandaula, monga tione kutsogoloku.

ZIMAPWETEKA NDANI?

Kampani yaikulu ya mabasi 50 ikhoza kukambirana mtengo. Munthu wa njinga imodzi sangathe. Ndalama ya inshuwalansi imatuluka m'thumba lomwelo logulira ufa. Imafikanso nthaŵi imodzi ndi zina: COF, laisensi ya bizinesi, lendi ya sitolo, mafuta. Mwini minibasi akapanikizika amakweza mtengo wokwerera. Mayi wopita ndi tomato ku msika wa Limbe kapena wa Lizulu amalipira zambiri, ndipo naye amachepetsa mulu. Potsiriza wolipira ndi uja wogula tomato wa ndiwo zamadzulo.

MISAMPHA YOFUNA KUIPEŴA

Mtengo ukakwera, mtima umafuna njira yachidule. Njira yoyamba imene anthu amatsata ndiyo kungosiya. Wakabaza amati ndidzazemba apolisi, ndidzadutsa njira za kumakwalala. Apolisi angathe kuŵazemba, koma ngozi siizembeka. Mukapweteka munthu mulibe inshuwalansi, mlandu wonse ndi wanu. Khoti likagamula chipukuta misozi, mudzagulitsa njinga, mbuzi, mwina ndi malata a nyumba. Ndipo munthu wopwetekedwayo ndi mmphaŵi mnzanu. Inu mukalephera kulipira, iye amakhala wolumala ndi wopanda chithandizo.

Ena amagula pepala kwa madobadoba. Dobadoba amakupezani panja pa ofesi, amati bwana bweretsani theka lokha, ndikukonzerani msangamsanga. Amabweradi ndi pepala lokongola lomata pagalasi. Tsiku la ngozi mukapita ku kampani, amafufuza m'mabuku mwawo, dzina lanu mulibe. Ndalama yapita, chitetezo palibe, ndiponso muli ndi mlandu woyenda ndi chikalata chabodza.

Enanso amabisa ntchito ya galimoto. Sienta yonyamula anthu tsiku ndi tsiku amailembetsa ngati ya pabanja, popeza ya pabanja ndi yotsika mtengo. Ikachita ngozi itadzaza anthu olipira, kampani ingathe kukana, chifukwa pangano linamangidwa pa bodza. Ingathenso kukana ngati woyendetsa analibe laisensi yoyenera, kapena anali atamwa moŵa.

Koma msampha umene ndifuna tikhalepo nthaŵi ndi uwu, chifukwa umagwira ngakhale anthu oona mtima. Ndi msampha wa kulembetsa mtengo wochepa.

Tiyerekeze mayi wina ali ndi golosale. Zaka zitatu zapitazo katundu wa m'golosalemo anali wa K2,000,000, ndipo analembetsa inshuwalansi ya moto ya K2,000,000. Chaka ndi chaka amangolipira pa mtengo womwewo. Iye akukondwa kuti pulimiyamu yake siikukwera. Koma shuga, sopo, mafuta ophikira ndi mchere zakwera. Katundu yemwe uja lero ndi wa K4,000,000.

Usiku wina moto wabuka. Anthu athandiza kuzima, koma katundu wa K1,000,000 wapsa. Mayiyo akuganiza kuti, ndinalembetsa K2,000,000, chapsa ndi cha K1,000,000 chokha, ndiye andipatsa yonse. Kodi inu mukuganiza bwanji?

Kampani idzaŵerenga motere. Katundu yense ndi wa K4,000,000. Mayiyu analembetsa K2,000,000, limene ndi theka. Ndiye kuti analipirira theka la chitetezo. Tsono pa K1,000,000 imene yapsa, adzalandira theka, K500,000. Theka linalo ndi lake. Lamulo limeneli limalembedwa m'mapangano ambiri a katundu, pena ndi zilembo zing'onozing'ono, ndipo pa Chingerezi amalitcha average. Pamwamba pa apo amachotsanso kagawo koyamba kamene mwini katundu amalipira yekha pa ngozi iliyonse. Kagawo kameneka amakatcha excess. Ngati excess ndi K50,000, mayi uja adzapita kwawo ndi K450,000.

Kodi mayiyu ananama? Ayi. Anangoiŵala kuti mitengo ikakwera, nambala ya pa chikalata imatsalira m'mbuyo. Chimodzimodzi ndi galimoto. Mukalembetsa K8,000,000 pamene pamsika lili K12,000,000, likabedwa sadzakupatsani zoposa zimene munalembetsa, ndipo simudzatha kugula lina lofanana nalo. N'zoŵaŵa kulipira pulimiyamu yokwera, inde. Koma ine ndiona kuti kulipira zaka zambiri n'kudzalandira theka n'koŵaŵa koposa.

NANGA TICHITE BWANJI?

Yambani ndi kugaŵa ndalamayo m'masiku. K120,000 ikatchulidwa kamodzi imaopsa. Koma ngati galimoto limagwira ntchito masiku 300 pa chaka, ndiye kuti ndi K400 pa tsiku. Patulani ndalama imeneyo madzulo alionse, monga mumapatulira ya mafuta. Isungeni pa foni, kubanki kapena ku gulu, osati m'thumba la malaya. Ena amachita chipereganyu, mwezi uno alipirira uyu, mwezi wamaŵa uyo. Njira imeneyi ndi yabwino kuposa kuthamangira katapila tsiku lomaliza. Ndipo poika mtengo wa malonda anu, inshuwalansi iŵerengereni pamodzi ndi lendi ndi thiransipoti. Mukaisiya kunja, mudzaona ngati mukupindula pamene mukudya mpamba.

Musalipire pa khomo loyamba. Makampani alipo angapo, ndipo mitengo yawo siifanana. Funsani atatu. Aliyense akulembereni pa pepala, osati pakamwa. Poyerekeza musaone pulimiyamu yokha. Onaninso excess, ndi malire a ndalama imene angalipire munthu amene mwamupweteka. Malire ameneŵa ndi ofunika kwambiri, chifukwa khoti likagamula zoposa pamenepo, zotsalazo mudzalipira ndinu. Yotsika mtengo ikhoza kukhala ndi malire aafupi.

Akulu anati safunsa anadya phula. Funsani ngati amachotsera munthu amene watha chaka osachita ngozi, pakuti makampani ambiri amatero pa comprehensive. Funsani ngati mungalipire ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi. Funsani ngati pulimiyamu ingatsike mutavomera excess yokulirapo, koma vomerani yokhayo imene mungathe kuipeza tsiku la ngozi. Ngati muli m'bungwe la akabaza kapena la eni minibasi, pitani ngati gulu. Anthu 40 amamveka kuposa munthu mmodzi.

Ngati ndalama yachepadi, chepetsani poyera, osati mobisa. Galimoto lakale limene mulibe nalo ngongole mungathe kulichotsa pa comprehensive ndi kuliika pa third party. Pamenepo mukudziŵa kuti likaphwanyika mudzakonza nokha, ndipo muyambe kusunga kandalama ka ntchito imeneyo. Koma third party yokhayo musaisiye. Mwini golosale nayenso asankhe. Botolo losweka kapena paketi ya shuga yonyowa, zimenezo mungapirire nokha. Inshuwalansi isungireni tsoka limene lingathe kukugwetsani osadzukanso, monga moto. Ndipo funsani momveka: kodi pangano ili likuphatikiza madzi osefukira ndi mphepo yamkuntho? Nanga akuba? Kaŵirikaŵiri inshuwalansi ya moto payokha siilipira akuba, ndipo ya madzi imafuna kuonjezeredwa.

Lipirani ku ofesi ya kampani, kapena kwa ejenti amene kampaniyo ikumudziŵa. Landirani lisiti lokhala ndi dzina la kampani. Musanachoke, ŵerengani chikalata. Dzina lanu alilemba bwino? Nambala ya galimoto ndi yomweyo? Tsiku loyamba ndi lomaliza ndi liti? Lembani tsiku lomalizalo pa kalendala. Likadutsa musanalipire, chitetezo chatha, ngakhale ndi tsiku limodzi lokha. Chikalatacho chikakhala m'Chingerezi, musachite manyazi. Uzani kalaliki akumasulireni m'Chicheŵa, kapena bwerani nacho ku kalasi tidzaŵerenge pamodzi.

Inu a golosale ndi a chigayo, gulani kope. Lembani katundu amene mwapikula, tsiku lake ndi mtengo wake. Sungani malisiti. Kopelo ndi malisiti musazisiye m'sitolo usiku, chifukwa moto ukabuka zidzapsera limodzi ndi katundu. Tsiku la tsoka kampani idzafunsa umboni wa zimene zinalimo, ndipo mau apakamwa sakwanira. Kamodzi pa chaka, musanalipire pulimiyamu ina, ŵerengani katundu yense pa mitengo ya lero, ndipo nambala imeneyo ndiyo mukalembetse.

NGOZI IKACHITIKA

Mukachita ngozi, thandizani wovulala poyamba. Kenaka dziŵitsani apolisi, ndipo dziŵitsani kampani msanga, pakuti mapangano amaika masiku ochitira zimenezi. Musayambe kukonza galimoto kampani isanalione.

Inu amene mulibe galimoto, gwirani ichi. Mukagundidwa, kapena mukavulala m'minibasi, wina alembe nambala ya galimotolo. Tengani lipoti la apolisi ndi la kuchipatala. Lamulo la pamseu limakulolani kufuna chipukuta misozi ku kampani ya inshuwalansi ya galimotolo. Musachedwe, chifukwa milandu yotere ili ndi malire a nthaŵi. Musasaine kapena kudinda chala pa pepala limene simunalimve, ngakhale wina akuonetseni ndalama m'manja. Ngati kampani ikuzengereza popanda chifukwa, lembani kalata yodandaula kwa akuluakulu ake ndipo sungani kope la kalatayo. Akapanda kukuthandizani, dandaulo lanu lipite ku Reserve Bank of Malawi, kumene kuli ofesi yomva madandaulo a anthu pa nkhani za mabanki ndi inshuwalansi.

MAU ATSOPANO

Ŵerengani mokweza, kenaka lembani m'kope mwanu: inshuwalansi, pulimiyamu, pangano, chikalata, chitetezo, malire, chipukuta misozi, umboni.

MAFUNSO

1. Kodi third party imalipira ndani? Nanga galimoto lanu amakonza ndani?

2. Sipeya ina ndi ya madola 50. Inali ndalama zingati pamene dola inali K1,180? Nanga pamene inafika K1,700?

3. Bambo wina ali ndi chigayo cha K6,000,000 koma analembetsa K2,000,000. Moto waononga zinthu za K3,000,000. Kampani idzamupatsa zingati isanachotse excess?

4. Wakabaza akufuna kusunga K60,000 pa masiku 300. Azipatula zingati pa tsiku?

5. Kambiranani pagulu: mnzanu wakuuzani kuti chaka chino salipira inshuwalansi chifukwa zaka zisanu wayenda osachita ngozi. Mungamuyankhe chiyani?

NTCHITO YA KUNYUMBA

Pezani munthu wa m'dera lanu amene ali ndi njinga yamoto kapena galimoto. Mupempheni mwaulemu kuti muone pepala lake la inshuwalansi. Lembani m'kope mwanu mtundu wa inshuwalansiyo ndi tsiku limene idzathe. Dzina la munthuyo musalembe. Mubwere nalo kopelo pa tsiku la kalasi.